Buku Lopanda Mathero

Ndimabwereketsa mabuku kuseri kwa msika wa Mangochi,
pakati pa wosoka nsapato ndi wotchaja mafoni.
Katoni imodzi basi.
Ukanyowetsa tsamba ulipira, ukapinda ngodya ulipira.

Lilipo lina lopanda chikuto,
la wapolisi wofufuza imfa ya mwini sitolo.
Masamba asanu ndi atatu omaliza mulibe,
koma ndi lokhalo losagona m'katoni.

Che Mdoka a kabaza analiwerenga masiku anayi
podikira makasitomala pamlatho.
Pobweza anati: wapha ndi mkazi wake,
wolira mokweza pamaliro ine ndimamukayikira.
Komanso wofufuzayo ndi mlesi,
tsamba lonse akungomwa tiyi.

Abiti Wisiki, namwino wausiku,
anapukusa mutu. Poizoni sagwira choncho,
wolembayo sanaonepo munthu akusanza.
Kenako anapempha sabata ina.

Sajeni Nkhwazi anaseka mpaka kutsamwa.
Uyu galimoto lake lili ndi mafuta tsiku lililonse?
Mboni zake zikungoulula zokha,
palibe wonena kuti bwana ine ndinali kumunda?
Ndinawafunsa: nanga wapha ndani?
Anati kafukufuku ali mkati.

Aphunzitsi a Kalipinde amadana nalo.
Mukunola mbava, amatero,
apatseni ana nkhani za phunziro.
Ndili nazo zimenezo, zisanu:
mtsikana wotenga pakati ali Folomu 2,
mnyamata wosuta chamba n'kumatola mapepala.
Zikadali zoyera ngati zagulidwa dzulo.
Amaziwerenga ndi mphemvu.

Twaliki, wogulitsa madzi oziziritsa,
dandaulo lake ndi limodzi:
bwanji m'mabuku monsemu kumangozizira?
Munthu wavala chijasi, chifunga mumsewu.
Abwere kuno Okutobala, phula likusungunuka,
tione ngati nzeruzo zituluke.
Kodi ku Namwera kulibe zinsinsi?

Mlongo wake Sakina sayankhula zambiri.
Tsiku lina anakankhira pambali zisanu zija.
Awa amatiloza chala ngati pa asembule, anatero,
tsamba loyamba ndadziwa kale kuti mtsikanayo adzalira.
Ili limandibisira zinthu.
Limandiyesa munthu woti ndingapeze ndekha.

Analitenga Lachinayi.
Lolemba linabwera litanenepa:
masamba a kope atasokeredwa kumbuyo
ndi ulusi wa ukonde,
zilembo zopendekeka, inki yabuluu yotha pakati
n'kupitiriza ndi pensulo.
Wapha ndi kalaliki wolemba malisiti,
uja tonse tinkamudumpha
poti ankangopereka moni n'kutuluka.

Pansi penipeni panali mizere ina inayi:
Wochotsa masamba ndamudziwanso.
Wokulungira zitumbuwa amang'amba mwachisawawa,
apa padutsa lezala ndi lula.
Ndipo wolipiritsa ngodya yopindika, bwanji izi sanadandaulepo?

Ndinakweza maso. Anali ataima potero,
akusenda nzimbe, osaseka.

Masambawo alipo, m'chitini cha mkaka pansi pa bedi.
Buku lili lathunthu linkabwerekedwa kamodzi pamwezi,
munthu n'kubweza, n'kuti linali bwino, n'kumapita.
Nditalidula mchira, anthu anayamba kukhala pabenchi,
kukangana mpaka azana ya madzulo,
wosoka nsapato kulowerera asanaliwerenge n'komwe.

Usiku ndinatsegula chitini kuti ndiyerekeze.
Kwa wolemba weniweni wapha ndi mkazi.
Che Mdoka analondola,
koma sindidzawauza.
Mathero a Sakina ndiwo akugwira mfundo zonse,
ngakhale ya tiyi uja.

Mawa akubwera Sajeni, amva kuti mlandu watha.
Aphunzitsi a Kalipinde nawo atumiza mwana
kudzafunsa ngati lilipo,
ati angofuna aone kuipa kwake.
Sakina wandiuza mtengo wosunga chinsinsi:
makope awiri, bolopeni zitatu,
ndipo wofufuza wake adzayenda pa kabaza,
thukuta lili kamukamu, kulowera ku Namwera.