Kiyi Ali ndi Wina

Bambo Gervásio anabwera Lachiwiri, mvula ikuwaza,
atakwera zitunda za Lisbon ndi ndodo yoyera,
munthu amene kwa zaka makumi atatu
anakhotetsa sitima za mumsewu m'makona opanikiza
osagunda ngakhale mphaka.
Lero maso achita nkhungu.

Anaika tabuleti patebulo langa,
pakati pa mafoni ong'aluka ndi timisomali.
"Ili ndi pakamwa iyi," anatero,
"imandiuza za nyengo, mtengo wa nsomba,
uthenga wa mwana wanga wa ku Lyon.
Koma ikafika pa buku limene ndinagula ndi penshoni,
imangoti zii."

Ndinaisanthula. Panalibe chofa.
Wosindikiza anachita kutseka dala:
maso aloledwa, makutu ayi,
makutu ali ndi mtengo wawo, pakhomo lina.

Ndinawawerengera pangano lija,
masamba khumi ndi anayi a tizilembo tonga nyerere,
limene anavomera ndi chala chimodzi.
Simunagule, bambo. Munabwereka.
Simungabwereketse mnzanu, simungasiyire mdzukulu,
ndipo kampani ikadzatseka zitseko
shelefu yanu idzasesedwa usiku, inu muli mtulo.

Anaseka chiseko chouma.
"Benvinda wanga anasiya mabuku m'katoni.
Anyowa, njenjete zadyako,
koma palibe limene linandifunsapo chiphaso."

Loko ameneyu ndimamudziwa.
Khofi asanazizire ndikhoza kumuthyola.
Koma ndimadziwanso mayi wa pansanjika yachitatu
amene amalemba mabuku usiku,
masana n'kumatsuka mbale kuhotela,
lendi ikumupumira m'khosi.
Thukuta lake si la ulere.
Komabe funso linandiluma:
loko ameneyu amalondera mayiyo,
kapena thumba la amene akhala pakati,
amene sanalembepo chiganizo
ndipo sanapunthwepo mumdima?

Makina aphunzira kulankhula,
ife tawaphunzitsa kumana.

Ndinatembenuza chikwangwani cha pachitseko,
ndinakoka mpando wachiwiri.
Mutu woyamba ndinauyamba
ndi Chipwitikizi changa chotsimphina,
iwo akundiwongola pa dzina la mtsinje,
kenaka pa dzina la mkazi,
mpaka nyale za mumsewu zinayaka
ndipo kasitomala wa batire anatopa n'kugogoda.

Lachiwiri lamawa abweranso, mutu wachiwiri.
Pakamwa panga palibe amene waikapo loko,
pakadali pano.