Filimu ya pa Kamwendo

M'chisakasa cha vidiyo pa Kamwendo,
jenereta ikutsokomola kuseri,
mayi wa ku Koreya wagwetsa amuna asanu
ndi mpeni umodzi.
Anyamata akuimba mluzu.

Ine ndikudikira zina.
Uyo, wafika kwawo,
akutsuka magazi mpaka m'zikhadabo,
akugogoda kuchipinda kwa mwana wake.
Mkati muli zii.

Nanenso ndimapha:
nkhuku makumi awiri patsiku,
za pachiwaya cha a Chikuse, pamsewu wopita kuboda.
Fizi imachokera pakhosi pa tambala.
Koma madzulo Tiyanjane amandilandira ndi msana,
maso pafoni,
ati ndikununkha nthenga zonyowa.

Wachisanu ndi chimodzi wagwa. Phokoso.
Ndatuluka isanathe,
ndikapeze sopo golosale asanatseke.