Khutu Lobwereka

Mumsewu wa Hang Ngang, ku Hanoi,
sitolo yanga ndi yopapatiza ngati bokosi la machesi:
tebulo, mpando, nyale,
ndi nkhope makumi anayi pakhoma
zomwe eni ake sanabwerenso kudzatenga.

Mayi Tuyet anafika Lachiwiri, mvula ili waa.
Anamasula mpango, mkati mwake envelopu,
mu envelopumo kachithunzi
kochepa kuposa chikhatho cha khanda.
"Bambo anga," anatero.
Ndinayang'ana: mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi,
kolala youma gwa, tsitsi lopesedwa ndi madzi.
Ndinayang'ananso mayiwo: imvi mbuu.
Mwana anakalamba, bambo akadali mnyamata.

Chinyontho chinadya mbali yakumanzere.
Khutu palibe. Tsaya latsala theka.
Pomwe panali phewa pamera chuku chachikasu.

Ndinayala galasi la timizere pamwamba pake,
nkhope n'kugawika m'timabokosi.
Ntchito yanga ndi kusamutsa munthu,
kabokosi ndi kabokosi,
kumuchotsa m'kachipinda kothina
kupita naye papepala lalikulu
osagwetsa kanthu panjira.

Utoto sindigula, ndimapala mwaye wa nyale ya palafini.
Burashi yanga ndi kamtengo kodyera mpunga
kong'alula kunsonga n'kupanikizamo machesi;
inayo ndinaimangirira thonje.
Aphunzitsi anga, malemu a Khiem, ankati:
yamba tsitsi, maso umalizire,
chifukwa akangotseguka amayamba kukuyang'anira ntchito.

Nsidze zinabwera zokha.
Milomo ndiyo inandivuta, yotsekedwa zolimba
monga amachitira munthu wouzidwa kuti asagwedere.
Kamera imatola mantha a kamphindi
n'kuwasunga ngati ndiwo khalidwe la munthu.
Ndinamasula ngodya imodzi ndi thonje, pang'ono chabe.
Kaya ndinanama ndine, kaya inanama ndi kamera.

Koma khutu.
Makutu ndili nawo ambiri m'mutumu,
a ogulitsa tiyi, a apolisi, a ana asukulu,
koma bambo wa mwini sungamuveke khutu la wodutsa m'njira.
Lakumanja linabisala, poti anapendeketsa mutu.
Ndinaimba foni.

Anakhala pampando wanga, ine chiimire.
"Takankhirani tsitsi kumbuyo."
Anaseka mwamanyazi ngati mtsikana
nandionetsa khutu laling'ono, lopindika kumtunda,
lokhala ndi kabowo ka ndolo kotsekeka kalekale.
"Amayi ankati kwa bambo ndinatengerako makutu okha."
Kabowoko ndinakasiya. Zina zonse ndinatenga.
Tsiku limenelo cholowa chinayenda chobwerera m'mbuyo.

Maso ndinamalizira usiku, msewu utazizira,
wogulitsa msuzi wa ng'ombe akutsuka mapoto ake pampopi.
Kadontho koyera m'diso sindipaka ayi,
ndimangosiya pepala losakhudza pamenepo.
Nditachotsa dzanja, mnyamata uja anandiyang'ana,
ndipo ndinapezeka ndikuwongola kolala yanga.

Loweruka anabwera ndi mdzukulu wawo, Vinh,
atanyamula lubani ndi malalanje asanu.
Anaima nthawi yaitali. Sanalire.
"Anachoka ndili ndi miyezi isanu ndi itatu.
Sindingadziwe ngati mwalondola."
Kenaka dzanja lawo linakwera lokha
n'kukagwira khutu lawo lomwe.

Ndalama anawerenga kawiri.
Tinakulunga chithunzicho m'nyuzipepala ndi pulasitiki,
iwo n'kukwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya Vinh
atafungatira bambo awo pachifuwa kuti asanyowe,
mahutala akulira mbali zonse.

Ndinapukuta mwaye m'zala; wa m'zikhadabo sunachoke,
suchoka ndi kale lomwe.
Patebulo panali kale envelopu ina:
galu wa dokotala wa mano wa msewu wachiwiri,
lilime lili panja, mwendo umodzi wosaoneka bwino
chifukwa ankathamanga pomwe ankamujambula.