Timakutu ta Selo

Kuno ku Turku dzuwa lalowa folo isanakwane.
Mtsinje wa Aura wauma gwa ndi chisanu,
ine ndikadali mu labu, diso pa maikulosikopu,
kuyang'ana bere la mbewa ya masabata asanu.

Kamtengo kakumera m'mafuta:
tinjira ta mkaka, mkakawo usanaganizidwe n'komwe,
nsonga zake zotupa ngati timitu ta machesi,
zikuboola, zikugawika pawiri, zikugawikanso.
Palibe selo lodziwa maonekedwe a bere.
Lili ndi timakutu chabe pakhungu pake.
Loyandikana nalo likanong'ona kuti kula,
khutu limakumbatira khutu linzake,
mawu n'kutsikira mkati mopatsirana,
limodzi lija n'kukhala awiri.
Manong'onong'o akatha, nalo limaleka.
Kulekako, zaka zonsezi, sindinkakuwerengera.

Lachiwiri Raisa, mkulu wanga,
ananditumizira chithunzi cha pepala la kuchipatala,
chala chake chikuoneka m'mphepete, chikhadabo cholumidwa.
"Outi, iwe ndiye umazidziwa izi.
HER2 n'chiyani? Nanga nambala yokhala ndi kamtandayi?"

Ndinadziwa ndisanamalize kuwerenga.
Timakutu tachuluka,
tathithikana ngati anthu m'basi ya m'mawa,
tikukumbatirana popanda woitana,
tikumva kula, kula, kula
m'nyumba mopanda wolankhula.

Komatu makutu a mtundu womwewo
ndi amene anamumeretsa mawere ali ndi zaka khumi ndi ziwiri,
iye n'kumawabisa m'juzi lalikulu la bambo.
Omwewo anakonza njira ya mkaka umene Eelis anayamwa
mpaka kutuluka mano.
Ndiwakwiyire bwanji?
Ndayesa, mkwiyo ukusowa pogwira.

Zonsezi sindinamuuze.
Ndinangoti, alipo mankhwala otseka makutuwo,
amalowa pa dilipi, pakatha masabata atatu alionse,
ambiri amawathandiza.
Iye anati, "Ambiri ndi angati?"
Ndinamva ketulo ikuwira kumbali kwake,
tonse tinakhala chete kuimvetsera.

Mawa tikwera basi ya seveni koloko.
Wandiuza ndimutengere masokosi aubweya,
akuti m'chipindamo mapazi amazizira.

Ndiwerenge kaye nsongazi.
Makumi awiri ndi zitatu.
Ndalemba m'kope, ndawerenganso, zakwana zomwezo.
Ndazimitsa nyale ya maikulosikopu,
koma kamtengo kaja kakadali m'diso langa
pamene ndikufufuza makiyi m'thumba la jekete.