Mapazi Makumi Atatu

Mtsikana wa ku khonsolo anabwera Lachiwiri,
nsapato zake zoyera ngati sizinapondepo Salima.
Anasuzumira m'chimbudzi changa osagwira mphuno,
pamenepo ndinamupatsa ulemu.
Kenako anawerenga pepala:

chimbudzi chitalikirane ndi chitsime
mapazi akuluakulu makumi atatu,
pabowo pakhale chivundikiro,
pakhomo mpondagiya ndi sopo, olo phulusa.
Masabata awiri. Kupanda kutero, chindapusa.

Atachoka ndinayeza.
Kuchoka pachitsime kukafika kumpanda wa a Namaseko
ndi mapazi makumi awiri ndi awiri.
Ndinaitana mwana wanga wachitsiriza kuti ayeze ndi timiyendo take,
zinakwana, mpaka kutsalako,
koma lamulo silidziwa mapazi a mwana.

Amene analemba pepalali sanakumbepo ku Kaphatenga.
Kuno dothi ndi mchenga:
ukafika m'chiuno, madzi akupatsa moni.
Ichi ndi chimbudzi changa chachitatu.
Choyamba chinatitimira ndi mvula ya Febuluwale,
chachiwiri chinapita ndi chitseko chomwe,
loko ali chitsekere,
kiyi ndikadali naye m'kachitini ka singano.

Komatu sindikutsutsa.
Ndinalipo chaka cha kolera
pamene Ganizani wa a Namaseko anamukweza pakabaza
atalefuka ngati thumba lopanda chimanga.
Anamuika anthu ovala magolovesi,
m'pulasitiki, osasambitsidwa,
ife titaimitsidwa patali ngati alendo.
Madzi amene anamwa anali a chitsime chino.
Palibe ananena.
Nanenso sindinanene.

Ine ndi a Namaseko sitilankhulana.
Anthu amati ndi nkhani ya mbuzi
imene inadya nazale yanga ya tomato,
ndipo tonse awiri timawasiya aziti ndi mbuzi.

Masiku khumi anatha ndikuyeza bwalo lomwelo,
mwina usiku latambasuka.
Ndinafunsa mtengo wa njerwa ndi simenti,
ndinaseka, wogulitsa naye anaseka.

Loweruka m'mamawa ndinamva khasu kumpanda.
Anali iwo, chitenje chomangira m'chifuwa,
akuzula nsichi, imodzi, ziwiri, zitatu,
udzu wampanda uli mbwee pansi.
Anayenda chakumbuyo kwa khola lawo
akuwerenga mokweza, kuti ndimve:
makumi awiri ndi asanu ndi atatu,
ndi asanu ndi anayi,
makumi atatu.
Anajinya khasu pansi pa mtengo wa nimu.

"Kumbani apa. Pano ndi pachulu, sipagumuka.
Madzi apansi sadziwa mpanda.
Koma makiyi akhale awiri."

Sanandiyang'ane.
Ndinafuna kutchula dzina la mwanayo,
lilime linakana,
ndiye ndinangoti, "Chivundikiro ndigula ine."

Mtsikana uja anabweranso, nsapato zitada tsopano.
Anayeza, analemba, anafunsa kuti chimbudzichi n'cha ndani.
Tinayankha pamodzi,
aliyense kutchula dzina la mnzake.