Makiyi a Fulgencio

Ku Lima mvula sigwa,
kumangotsika nkhungu ndi fumbi la simenti.

Pomwe panali kashopu ka Fulgencio Huamaní,
wosula makiyi wa mumsewu wathu,
lero pali chidzenje chochititsa chizungulire.
Pansipo chimakina chikufukula ngati mfuko,
kulambulira njira sitima yapansi panthaka.

Pachikwangwani ajambulapo kale mawa:
pansi siteshoni, pamwamba masitolo,
kenako maofesi, kenako nyumba zogona,
ndi anthu omwetulira amene sitinawaonepo kuno.

Fulgencio amabwerabe m'mamawa,
m'thumba mukulira makiyi makumi anayi
amene eni ake sanadzatenge.
Uyu anali wa telala.
Uyu wa mayi wa zinkhwe ziwiri uja.
Zitseko zake zinapita pa lole.

Mwana wake Nélida ali m'mwambamo, m'kireni yachikasu,
akukweza zitsulo za nsanjika yachisanu.
Dzulo anamuuza: Bambo, zitseko zatsopanozi sizifuna kiyi,
mumangogunditsa kakhadi.

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.
Mwanawe, munthu sadzasiya kudzitsekera panja.

Ndipo wafunsa kale lendi
ya kangodya kena kopanda zenera
pafupi ndi masitepe otsikira.