Lachinayi, Chipinda cha Pamwamba

Ku Łódź dzuwa la Disembala limaweruka msanga ngati waganyu.
Ikamati 3 koloko magetsi ayaka kale.
Kalasi yathu ili pamwamba pa fakitale yakale ya nsalu.
Makina anachoka, fumbi la thonje likadali m'ming'alu,
ndipo chitsulo chotenthetsa chipinda chimagogoda chokha
ngati munthu wofuna kulowa m'nkhani ya eni.

Ophunzira khumi ndi anayi, majasi onyowa pamipando.
Aliyense wabereka kumsana buku losabadwa.

Radomir anapha mayi wa m'nthano yake pa tsamba lachitatu.
Lero wafika tsamba la makumi asanu ndi limodzi, wayamba kumusowa.
"Ndimudzutse?"
Ayi, nditero. Siya mpando wake pathebulo,
mwana wake aziulambalala akamadutsa ndi mbale.

Anthu a Dobrawa sadya, salipira lendi, sadwala chimfine.
Amangoima pawindo n'kumaganiza zakuya.
Ndimufunsa: tikiti ya tiramu wagula ndani?
Aseka. Ine sindikuseka.
Nthano yaitali ndi ulendo wapansi, mwanawe,
uzidziwa nsapato imene ikuthina
ndi chala chimene chatuluka thuza.

Tymon amachezera ku bekale usiku wonse.
Amalemba kuseri kwa malisiti, ufa uli m'zikhadabo,
mutu uliwonse kutalika kwake ndi lisiti basi.
Ndikayamba kufotokoza za nthawi ya m'nkhani, iye tulo.
Sindimudzutsa.

Ndimawapatsa zomwe ndili nazo, si zambiri.
Kuyamba n'kosavuta, aliyense amatha kunena odi.
Matope ali pakati,
pamene tsamba la zana limanunkha ngati malaya osauma
ndipo anzako aleka kufunsa kuti zikuyenda bwanji.
Kawerengere munthu amene akutsuka mbale, ndimatero.
Pamene atseke mpopi kuti amve bwino,
pamenepo usakhudzepo.
Kwinako ndi kwako, lima.

Ndiye Jagna, amene chiyambire Okutobala sanatsegule pakamwa,
akweza pensulo yolumidwalumidwa:
"Aphunzitsi, nanga lanu lili pati?"

Chitsulo chija chigogoda kawiri.

Ndikanatha kuyang'ana wotchi.
Koma ndiulula: lili m'dilowa, pansi pa mabilu a gasi,
chaka chino n'chakhumi ndi chimodzi.
Pa tsamba 188 mayi wina waima pamasitepe, kiyi ali m'manja.
Sindidziwa ngati akulowa kapena akuchoka.
Ndinamusiya pomwepo, nyali ya pakhonde ikuyaka,
ine n'kupita kukaphunzitsa ena kumaliza.

Zii.
Kunja chipale chikugwa mwaulesi pa njerwa zofiira.

"Wadya koma?" afunsa Dobrawa, nkhope ili gwa.
Radomir akuti mwina m'nyumbamo muli mpando woti aulambalale.
Wina kumbuyo akufuna kudziwa amalipira magetsi a nyaliyo ndani,
kalasi yonse phwiti, ine ndemwe,
mpaka Tymon adzutsa mutu, tsaya litadinda batani la jasi:
"Mwina chitsekocho n'chosakhoma."
Nagonanso.

Nthawi yatha. Ndiwapatsa ntchito: masamba asanu,
wina ataye chinthu chotchipa n'kuchilira mopitirira muyeso.
Atsika masitepe akukangana za mayi wanga uja
ngati ndi neba wawo.

M'tiramu mawindo achita nthunzi.
Ndipitirira siteji yanga, ndibwerera wapansi, mapazi achita dzanzi.
Dilowa yauma, ndiitsegula ndi mpeni wa batala.
Mapepala achita chikasu m'mphepete.

Akadali pomwepo, kiyi m'manja.
Koma taonani mzere wachinayi kuchokera pansi,
dzanja langa lomwe, inki yanga yomwe:
wavala masilipasi.
Zaka zonsezi, m'chisanu chotere,
munthu ndinamuimika panja atavala masilipasi.

Ndisanavule jasi ndikoka mpando.